Mayi Florence Nightingale: Mayi wa Nyali ndi Kaundula

Pa 13 Ogasiti Mpingo wa Anglican ku England umakumbukira Mayi Florence Nightingale, ndipo pa 12 Meyi, tsiku lomwe iwo adabadwa, anamwino pa dziko lonse lapansi, ngakhale kwathu kuno, amakondwerera ntchito yawo. Ambirife timawadziwa ndi chithunzi chimodzi chokha, cha mayi wofatsa atanyamula nyali akuyendera asilikali odwala usiku. Chithunzicho n'choona, koma chimabisa zambiri. Zaka zimene mayiwa adakhala pambali pa bedi la wodwala m'chipatala sizidapitirire zinayi. Zaka zina zonse adazithera pa kulemba makalata, kuwerengera, ndi kulimbana ndi akuluakulu a boma pa nkhani ya ndalama zogulira mankhwala, ukhondo wa zipatala ndiponso maphunziro a anamwino.

Iwo adabadwa m'chaka cha 1820 mumzinda wa Florence ku Italy, kumene makolo awo adali paulendo, ndipo dzina lawo lidachokera pamenepo. Banjalo lidali lolemera kwambiri, lokhala ndi nyumba ziwiri zikuluzikulu ku England, ina ku Lea Hurst ina ku Embley Park. Bambo awo, a William Nightingale, adaphunzitsa okha ana awo aakazi awiri zilankhulo ndi mbiri yakale, ndipo Florence adakonda masamu koposa, chinthu chimene masiku amenewo ankati si cha atsikana.

Pa 7 Febuluwale 1837, ali ndi zaka 16, adamva kuti Mulungu akumuitana kuti amutumikire. Atazindikira kuti utumikiwo ndi wosamala odwala, m'nyumba mudabuka mkangano umene udatenga zaka. Tisafulumire kuwaweruza makolowo. Nthawi imeneyo anamwino a m'zipatala za ku England sankaphunzira ntchito, ankalandira malipiro ochepa, ndipo ankatchuka ndi kuledzera. Mwana wa pabanja lolemekezeka kulowa ntchito yotere chidali chamanyazi. Florence adakana ukwati wa Richard Monckton Milnes, munthu amene ankamukonda ndithu, ndipo mu 1851 adakakhala miyezi itatu ku Kaiserswerth ku Germany, kumene Mbusa Theodor Fliedner wa mpingo wa Lutheran ankaphunzitsa amayi kutumikira odwala ndi osauka.

Mbali ya moyo wawo imene sikambidwa kawirikawiri ndi ya mu 1853, pamene adapatsidwa udindo woyang'anira kachipatala ka amayi pa Harley Street mu London. Sankalandira malipiro; bambo awo ndiwo ankawapatsa mapaundi 500 pa chaka. Atafika adapeza mabuku a ndalama ali osokonekera, zakudya zikugulidwa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku pa mtengo wokwera, ndipo bilu ya kwa wogulitsa mankhwala ikudya thumba la chipatala. Iwo adayamba kuoda katundu wambiri nthawi imodzi ndi kunenerera mitengo kwa amalonda. Adakonzanso zoti dokotala wa pachipatalapo ndiye azisakaniza ndi kupereka mankhwala, m'malo mokagula chilichonse kunja. Adaikitsa mipope ya madzi otentha m'zipinda zam'mwamba, kachikepe kokwezera chakudya, ndi mabelu oti wodwala akaitana namwino adziwe msanga kumene akufunika. Maganizo awo adali akuti namwino amene watha mphamvu ndi kukwera masitepe atasenza ndowa safika nazo mphamvu kwa wodwala.

Zonsezi sizidayende mofewa, pakuti pamwamba pawo padali makomiti awiri, ya amayi ndi ya abambo. Aliyense wa ife amene adakhalapo mu komiti ya parishi akudziwa mmene mfundo yabwino imafera chifukwa cha amene waibweretsa. Mayi Nightingale adaphunzira kuyamba akambirana ndi mamembala mmodzimmodzi, kenaka n'kuwasiya kuti mfundoyo aitule okha pamsonkhano ngati yawo. Koma pa nkhani imodzi sadanyengerere. Komiti inkafuna kuti chipatalacho chizilandira akhristu a Anglican okha, ndipo iwo adanenetsa kuti akapanda kuloledwa kulandira Akatolika ndi Ayuda, atula pansi udindo. Komiti idagonja.

Mu 1854 dziko la Britain lidalowa m'nkhondo ya ku Crimea yomenyana ndi Russia. Nyuzipepala ya The Times itaulula mmene asilikali ovulala ankafera opanda owasamala, nduna Sidney Herbert adapempha Mayi Nightingale kuti apite. Adanyamuka mu Okutobala ndi anamwino 38, ena mwa iwo masisitere a Katolika ndi a Anglican, ndipo adafika pa 4 Novembala ku Scutari, mbali ya mzinda umene lero ndi Istanbul ku Turkey. Chipatalacho chidali nyumba yakale ya asilikali, yomangidwa pamwamba pa ngalande za zonyansa zimene zidatsekeka. Odwala ankagona pansi mothithikana, nsabwe ndi makoswe zili ponseponse.

Madokotala poyamba sadafune kuthandizidwa ndi amayi. Iwo sadakakamize, adauza anamwino awo kuti adikire kufikira atapemphedwa, ndipo ovulala atachuluka pambuyo pa nkhondo ya ku Inkerman, pempholo lidabwera lokha. Vuto lalikulu limene adalipeza lidali la kagulidwe ndi kagawidwe ka katundu. Zovala ndi zipangizo zinkatha kukhala zotsekeredwa m'nkhokwe, odwala akunjenjemera ndi chisanu, chifukwa choti akuluakulu oyenera kuziyendera ndi kusaina sadakumane. Ndi ndalama zimene anthu adasonkha kudzera ku The Times pamodzi ndi zawo, Mayi Nightingale adayamba kugula okha m'misika ya mumzindawo malaya, mbale, sopo, matawulo ndi maburashi okolopera. Adachita lendi nyumba yochapiramo zovala ndi madzi otentha, nalemba ntchito akazi a asilikali. Usiku, akatha kuyendera odwala ndi nyali ija, ankakhala pansi n'kulembera nduna ku London makalata aatali ofotokoza chimene chikusowa, kuchuluka kwake, ndi pamene chatsakamira.

Komabe imfa sizidachepe msanga. M'nyengo yozizira yoyamba ija asilikali oposa 4,000 adafera m'zipatala za ku Scutari, ndipo ochuluka kwambiri sadafe ndi mabala ayi, koma ndi kamwazi, kolera, taifodi ndi matenda ofalitsidwa ndi nsabwe. Mu Febuluwale 1855, pa odwala 100 alionse ankafa pafupifupi 42. Mu Malichi boma lidatumiza gulu loona za ukhondo, momwe mudali Dokotala John Sutherland ndi injiniya Robert Rawlinson. Iwowa adatsegula ndi kutsuka ngalande, adaboola malo olowera mphepo, ndipo mumsewu wa madzi akumwa adachotsamo hatchi yakufa. Pofika Juni imfa zidatsika kufika pa 2 mwa 100 alionse, ngakhale kuti kutha kwa chisanu ndi kuchepa kwa odwala kudathandizaponso.

Phunziro limeneli Mayi Nightingale sadaliiwale. Adabwerera kwawo mu 1856 mwakachetechete, pa dzina lobwereka, thupi litafooka ndi matenda amene adawagwira ku Crimea ndipo adawavutitsa zaka zambiri. Adakaonana ndi Mfumukazi Victoria n'kuumiriza kuti pakhale kafukufuku wa boma. Mothandizana ndi katswiri wa ziwerengero William Farr, adaonetsa kuti ngakhale pa nthawi ya mtendere, asilikali okhala m'misasa ya ku England ankafa pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amuna a msinkhu wawo a m'midzi ndi m'matauni. Podziwa kuti akuluakulu sawerenga manambala ambiri, adajambula zithunzi zozungulira za mitundu zoonetsa mwezi ndi mwezi amene adafa ndi mabala ndi amene adafa ndi matenda opeweka. Mu 1858 adakhala mayi woyamba kulandiridwa m'bungwe la akatswiri a ziwerengero ku London, ndipo mu 1859 adatulutsa mabuku awiri, Notes on Hospitals ndi Notes on Nursing. Namwino akamadandaula ndi kulemba malipoti kumapeto kwa shifiti, adziwe kuti mwambowo uli ndi mwini wake.

Ndalama zoposa mapaundi 40,000 zimene anthu adasonkha powathokoza adatsegulira sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas mu London mu 1860. Ophunzira oyamba adali 15. Ankaphunzira chaka chimodzi m'mawodi enieni pansi pa metroni Sarah Wardroper, ankagona pamalo otetezeka, ndipo mwezi uliwonse ankalembedwa lipoti la luso ndi khalidwe lawo. Cholinga sichidali kungopeza manja ogwira ntchito, koma kutulutsa amayi oti akaphunzitse ena. Mu 1865 Agnes Jones adapita ndi anamwino 12 kukasamala osauka odwala ku Liverpool, kumene adamwalira ndi matenda omwewo mu 1868, ndipo chaka chomwecho Lucy Osburn adakayambitsa ntchitoyi ku Sydney.

Pali nkhani ina imene ife amayi tiyenera kuidziwa. Mu 1861 adatsegulitsa maphunziro a azamba pa chipatala cha King's College. Patapita zaka zochepa, amayi ongobereka kumene adayamba kufa ndi matenda otentha thupi. Ntchitoyo idali yawoyawo, dzina lawo lili pamenepo, koma sadabise kapena kufuna wina womuloza chala. Kumapeto kwa 1867 wodiyo idatsekedwa. Iwo adasonkhanitsa ziwerengero za imfa za amayi m'zipatala zosiyanasiyana, ndipo mu 1871 adafalitsa zimene adapeza: kuti malo oberekera ayenera kupatulidwa kutali ndi odwala ena ndi malo opimira mitembo, asamadzaze, ndipo asamalidwe mwaukhondo kotheratu. Masiku amenewo mayi ankapulumuka bwino kunyumba kusiyana ndi m'zipatala zambiri. Lero zinthu zidatembenuka, ndipo malo oyenera kuberekera ndi kuchipatala, chifukwa cha malamulo a ukhondo amene anthu ngati iwowa adamenyera pamodzi ndi mankhwala amene adabwera pambuyo pake.

Sadali munthu wapafupi kukhala naye. Ankagwiritsa ntchito abwenzi awo mopanda chifundo, ngakhale Sidney Herbert amene adamwalira mu 1861 atatheratu mphamvu. Adakanitsitsanso ganizo loti anamwino azilembedwa m'kaundula wa boma atakhoza mayeso, poganiza kuti mayeso sangayeze mtima wa munthu. Apa ine sindigwirizana nawo. Wodwala alibe njira yodziwira ngati wovala yunifomu adaphunziradi, ndipo n'chifukwa chake kuno tili ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Ku Britain lamulo lotere lidakhazikitsidwa mu 1919, iwo atamwalira kale.

Ali chigonere m'chipinda chawo pa South Street mu London, adapitiriza kulembera akuluakulu za madzi abwino ndi ukhondo ku India, dziko limene sadapondeko. Atakalamba maso adasiya kuona. Mu 1907 Mfumu Edward VII idawapatsa ulemu wa Order of Merit, mayi woyamba kuulandira. Adamwalira pa 13 Ogasiti 1910 ali ndi zaka 90. Boma lidapereka malo ku Westminster Abbey, kumene kumagona mafumu, koma abale awo adakana potsata zofuna za malemuwo, ndipo adaikidwa pamanda a tchalitchi cha St Margaret ku East Wellow, pafupi ndi makolo awo. Pamwala wa pamanda padangolembedwa zilembo ziwiri, F. N., ndi masiku a kubadwa ndi kumwalira kwawo.