Mbusa Andrew Murray ndi Sukulu Yosatsekera

Anzanga amene tinadyera limodzi nsima ya mgaiwa ndi nyemba, kodi mukulikumbuka belu la m'mamawa lija? Linkatidzutsa kuli mbuu, ndipo tinkathamangira ku mapemphero tulo tili m'maso. Ambirife sitinkapita chifukwa chokonda kupemphera ayi, koma poopa mapulifekiti ndi chibalo cha khasu. Lero ndili ndi zaka zopitirira 40, ndikugwira ntchito m'boma, ndipo palibe amene amandiimbira belu. Ndiulule poyera kuti masiku ambiri ndimafika ku ofesi ndisanagwade n'komwe. N'chifukwa chake akonzi atandipempha kuti ndilembe mbiri ya munthu wotchuka, ndinasankha Mbusa Andrew Murray wa ku South Africa, amene dzina la banja lake timalimva ku Mvera ndi ku Nkhoma.

Murray anabadwa pa 9 Meyi 1828 ku Graaff-Reinet. Bambo ake, amene anachokera ku Scotland, anali mbusa wa mpingo wa Dutch Reformed, ndipo Lachisanu lililonse madzulo ankadzitsekera m'chipinda kupempherera chitsitsimutso mu mpingo. Anachita zimenezi zaka zambirimbiri osaona yankho, ana awo akumva mawu awo kuseri kwa chitseko. Ali ndi zaka 10, Andrew anatumizidwa ku Aberdeen pamodzi ndi mkulu wake John kukaphunzira, ndipo atatsiriza kumeneko anakachita maphunziro a zaubusa ku Utrecht, m'dziko la Holland. Anadzozedwa ubusa mu 1848, tsiku lomwe anakwanitsa zaka 20. Chaka chotsatira anayamba ntchito ku Bloemfontein, kumene ankayenda maulendo a milungu ingapo pa ngolo ya ng'ombe kukafikira Akhristu obalalika m'mafamu.

Nkhani imene imandigwira mtima inachitika mu 1860, atangosamukira ku Worcester. Tsiku lina achinyamata anasonkhana kuti apemphere, ndipo mtsikana wina wantchito, wa zaka ngati 15, anapempha mwayi wopemphera. Ali mkati mopemphera, anthu onse m'chipindamo anayamba kupemphera mokweza nthawi imodzi, ena akulira. Mbusa Murray ataitanidwa, anaona ngati ndi chisokonezo. Anawalamula kuti akhale chete, koma palibe anamumva. Anayambitsa nyimbo, koma palibe anavomera. Anatuluka atakwiya. Taonani, chinthu chimene bambo ake anachipempherera zaka zonse zija chitafika, mwana wawo wophunzira ku Ulaya sanachizindikire! Patapita masiku, mlendo wina amene anaona zotere ku America anamuchenjeza kuti asamale, ndipo Murray anadzichepetsa, nakhala mmodzi mwa atsogoleri a chitsitsimutsocho. Ife amene tinapita ku yunivesite tili ndi phunziro pamenepa, pakuti digiri siitsekula maso pa zonse.

Mu 1871 anapita ku Wellington, kumene anatumikira mpaka 1906. Kumeneko anathandiza kukhazikitsa sukulu ya atsikana ya Huguenot mu 1874 ndiponso sukulu yophunzitsa amishonale mu 1877. Komatu cha mu 1879 anadwala pakhosi, mawu n'kutsekeka, kotero kuti kwa zaka zopitirira ziwiri sankatha kulalikira bwino. Munthu amene kale anafuna kutontholetsa opemphera, tsopano anatontholetsedwa yekha. Anachira mu 1882 ali ku London, pa nyumba ina yopempherera odwala yotchedwa Bethshan. Amene ankamudziwa anaona kuti anatuluka m'matendamo ali wofatsa kuposa kale. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1885 anatulutsa buku lake lotchuka, With Christ in the School of Prayer, limene lili ndi maphunziro 31, okwanira limodzi pa tsiku kwa mwezi wathunthu. Mutu wake wokha ukunena zonse. Kwa Murray, pemphero ndi sukulu imene mphunzitsi wake ndi Khristu, ndipo wophunzira amayenera kufika m'kalasi tsiku ndi tsiku, pa nthawi yoikika, kaya akufuna kaya sakufuna. Sukuluyi ilibe tchuthi, ilibenso tsiku lolandira satifiketi. Iye mwini anali wotanganidwa kuposa tonsefe, pakuti anasankhidwa kasanu ndi kamodzi kukhala wapampando wa sinodi ya ku Cape, ndipo analemba mabuku ndi timabuku toposa 200, koma ankaphunzitsa kuti kuchuluka kwa ntchito ndiko kumafuna pemphero lochuluka.

Tsono pemphero lakelo silinathere m'chipinda. Mu 1886 iye ndi abusa anzake anakhazikitsa bungwe lothandiza ntchito ya mishoni, ndipo aliyense analonjeza kupereka ndalama za m'thumba mwake chaka ndi chaka. Bungwe limeneli ndilo linatumiza mwana wa mng'ono wake, Mbusa A.C. Murray, ku dziko lathu mu 1888. Pa 28 Novembala 1889 iyeyu ndi Mbusa T.C.B. Vlok anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere. Mu 1894 kunabwera mwana wa mbale wake wina, W.H. Murray, amene anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo mothandizana ndi amishoni ena ndi akuluakulu akuno kwathu, mpaka Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Mishoni ya Nkhoma inatsekulidwa mu 1896. Choncho pamene agogo athu ankaphunzira a, e, i, o, u m'sukulu za m'midzi, kunali anthu kutali ku Cape amene ankagwada ndi kupisa m'thumba chifukwa cha iwo.

Mu 1900 anaitanidwa ku msonkhano waukulu wa amishonale ku New York, koma sanapite chifukwa kwawo kunali nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi. Atawerenga zimene zinakambidwa kumeneko, analemba buku la The Key to the Missionary Problem mu 1901. Mfundo yake inali yakuti gwero la kufooka kwa mishoni ndi moyo wauzimu wa Mkhristu aliyense payekha, kuyambira mbusa, ndipo kusowa kwa ndalama ndi antchito n'chizindikiro chabe cha kusowa kwa pemphero. Anamwalira ku Wellington pa 18 Januwale 1917 ali ndi zaka 88.

Nanga ife bwanji? Timasonkha ndalama zokonzera makalasi a pasukulu pathu, ndipo n'zoyamikika, koma ndi angati amene amatchula m'pemphero ana amene akugona pa mabedi athu aja? Ineyo chiwerengere mbiri imeneyi ndinatchera wotchi yanga kuti izilira mphindi 15 nthawi yodzuka isanakwane. Sindinama, masiku ena ndimaitseka n'kufundanso bulangeti. Koma m'mawa mwake ndimayambiranso, monga wophunzira wobwereza kalasi amene sanachotsedwe sukulu. Anzanga, mapulifekiti aja anakalamba ndipo sabweranso kudzatidzutsa. Belu tsopano lili m'manja mwathu.