BERNARD MIZEKI: MPHUNZITSI AMENE ANAKANA KUTHAWA

Amayi anzanga mwa Ambuye, mwezi wa Juni ukamayandikira, mtedza ndi soya zili pa msika, m'magulu athu kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje mumayamba kumveka nkhani ya ulendo wa ku Zimbabwe, kwa Bernard Mizeki. Wina amafunsa mtengo wa basi, wina za pasipoti, wina ngati bulangete limodzi lingakwane. Tsiku lina titatseka msonkhano wathu, mayi wina wachitsikana anandikokera pambali n'kundifunsa ngati Mizekiyo anali bishopu wachizungu. Mayiyu anali atayamba kale kusonkha ndalama za ulendo. Sindinamuseke, chifukwa mlandu ndi wathu ife akuluakulu amene timalengeza za basi koma osafotokoza za munthuyo. Tsono lero ndati ndikuuzeni mbiri yake.

Bernard Mizeki anali munthu wakuda ngati ife. Sanali bishopu, ndipo ngakhale unsembe sanaufike. Anali katekisiti, mphunzitsi wa m'mudzi ngati amene amatitsogolera Lamulungu pamene Bambo ali ku tchalitchi china. Anabadwa cha m'ma 1861 m'dera la Inhambane ku Mozambique, nthawi yomwe Ambuye Bishopu Mackenzie ankafika ku Magomero ndi Mpingo wathu. Dzina la kwawo linali Mamiyeri Mitseka Gwambe. Ali mwana anagwirako ntchito m'sitolo ya Mpwitikizi wina, ndipo ali ndi zaka ngati 12 ananyamuka ndi mbale wake kupita ku Cape Town kukafuna ganyu.

Ku Cape Town anakhala zaka zoposa khumi akugwira ntchito zamanja ndi za m'nyumba za azungu, akugona m'makomboni a anthu osauka. Anaona anzake ambiri akutha ndi mowa, ndipo iye anatsimikiza mtima kuti sadzaulawa. Amayi amene muli ndi ana ku Joni mukudziwa chomwe mtima wa kholo umaopa mwana akapita kutali. Mnyamata uyu analibe kholo pafupi lomulangiza, koma anadzisunga.

Amene anamutsegulira khomo anali mayi. Mayi von Blomberg, a ku Germany, ankaphunzitsa sukulu yausiku ya anthu apantchito pansi pa ansembe a Anglican a chipani cha Cowley. Mamiyeri ankaweruka atatopa n'kupita kukakhala pa benchi kuphunzira kuwerenga. Mayiwa anaona nzeru zake, anamulimbikitsa, ndipo anakhala ngati mayi ake kufikira pamene anachoka m'dzikomo. Mu Malichi 1886 anabatizidwa pa mishoni ya St Philip n'kulandira dzina loti Bernard. Kenaka anatumikira pa St Columba, nyumba yogona amuna obwera kudzagwira ntchito m'tauni, ndipo anaphunzira pa Zonnebloem College. Mulungu anamupatsa lilime lopepuka. Ankayankhula Chingerezi, Chidatchi, Chipwitikizi ndi ziyankhulo zambiri za kuno ku Africa.

Mu 1891 Ambuye Bishopu Knight-Bruce ankafuna anthu odzipereka oti apite nawo ku Mashonaland, dziko lomwe lero ndi mbali ya Zimbabwe. Bernard anavomera. Bishopu anamusiya pakati pa anthu a Mfumu Mangwende, m'dera la Nhowe, kufupi ndi kumene lero kuli tauni ya Marondera. Anamanga kanyumba kake ndi kachisi waudzu. Moyo wake wa tsiku ndi tsiku unali wosavuta kuufotokoza: mapemphero m'mawa ndi madzulo, kulima dimba lake, kuphunzira Chishona, kucheza ndi anthu a m'mudzi ndi apaulendo, ndi kuphunzitsa ana. Pasanapite nthawi Chishona anachidziwa bwino kotero kuti anathandiza nawo kumasulira mapemphero ndi zophunzitsa za Mpingo. Zaka zisanu zinatha chomwecho, ndipo pa zaka zonsezo panalibe ndi mmodzi yemwe wa ophunzira ake amene anali atabatizidwa. Ife tikayambitsa gulu n'kuona kuti miyezi itatu yatha amayi akubwera asanu okha, timayamba kunena zolitseka.

Tisabise kuti panalinso zokhumudwitsana. Mfumu itamulola, Bernard anasamutsira mishoni yake pafupi ndi msitu umene anthu ankaulemekeza kuti ndi wa mizimu ya makolo awo. Anadulamo mitengo ina, ndipo pa ina anajambulapo mtanda. Akuluakulu a zamizimu anapwetekedwa mtima kwambiri, ndipo ena a ku banja la mfumu anayamba kumuda. Ife a kuno, amene timakhala moyandikana ndi manda ndi madambwe, tikudziwa kuti mtengo wa pa malo otere sugwidwa wamba.

Mu Malichi 1896 Bernard anakwatira Mutwa, mwana wamasiye wa ku banja la Mfumu Mangwende, amene anali mmodzi wa ophunzira ake. Ukwati unadalitsidwa ndi wansembe wachikuda, Bambo Hezekiah Mtobi. Potero mlendo uja anasanduka mkamwini wa m'mudzimo. Koma chaka chimenecho chinali choipa. Kunali chilala, kunagwa dzombe, ndipo mliri unapha ng'ombe zosawerengeka. Pamwamba pa izi, kampani ya Cecil Rhodes inali italanda malo ndi ziweto, ikukhometsa msonkho wa nyumba ndi kugwiritsa anthu ntchito mokakamiza. Mu Malichi Amandebele anaukira azungu, ndipo mu Juni Ashona nawonso anadzuka. Nkhondo imeneyi a ku Zimbabwe amaitcha Chimurenga choyamba. Anthu anali ndi zifukwa zomveka zokwiyira, koma pa mkwiyo wotere aliyense wovala ngati mzungu ndi wopemphera ngati mzungu ankaoneka mdani.

Uthenga unafika wochokera kwa wansembe woyang'anira, wouza aphunzitsi kuti athawire ku malo otetezeka. Bernard anakana. Anayankha kuti anthu a Mangwende ali pa mavuto, kuti Bishopu ndiye anamuika pamenepo, ndipo sangachoke Bishopu asanabwere. Nthawi yothawa inalipo, njira ankaidziwa, ndipo palibe akanamudzudzula chifukwa chilolezo anali nacho. Mkazi wake anali woyembekezera. Iye anasankha kukhala.

Usiku wofika pa 18 Juni 1896, anthu anagogoda pa khomo pake, anamukokera panja n'kumubaya ndi mkondo. Mbiri imatchula Mchemwa, mwana wa Mfumu Mangwende, kuti ndiye anali kumbuyo kwa chiwembuchi. Achiwembuwo anachoka poganiza kuti wafa. Mutwa anathawira kwa mayi mnzake, ndipo awiriwa atabwerera anamupeza atakwawira ku kasupe wa m'mbali mwa phiri, akutsuka bala lake. Ine amene ndinagwira ntchito ya unamwino ndikudziwa mmene munthu wotaya magazi ambiri amamvera ludzu ndi kuzizidwa, ndipo Juni wa ku Marondera ndi wozizira kuposa wa kwathu kuno. Panalibe dokotala, panalibe bandeji. Panali amayi awiri, mmodzi wa iwo ali ndi pakati, mu mdima, adani ali pafupi. Bernard anauza mkazi wake kuti abatizidwe pamodzi ndi mwana amene adzabadwe, ndiponso kuti imfa yake sidzathetsa ntchito ya aphunzitsi.

Amayi aja anatsika kukamukonzera kachakudya ndi kutenga zofunda. Malinga ndi umboni umene iwo anapereka, ali m'njira anaona kuwala kwakukulu pa phiri paja ndipo anamva mkokomo ngati wa mapiko a mbalame zambiri. Atafika pamalopo, Bernard panalibe. Ena amati amene anamubaya anabwerera n'kukabisa mtembo. Mtembowo sunapezeke mpaka lero, ndipo Bernard Mizeki alibe manda. Anamwalira ali ndi zaka ngati 35.

Patangopita mwezi umodzi, mmodzi wa anyamata ake, John Kapuya, anabatizidwa. Mutwa anabereka mwana wamkazi, Masiwa, amene pa ubatizo anatchedwa Bernardina, ndipo iye mwini anabatizidwa n'kutchedwa Lily. Zipatso zimene mphunzitsi sanazione ndi maso ake zinayamba kuoneka iye atapita.

M'zaka za m'ma 1930 Mpingo unakonza malo amene panali kanyumba kake n'kumangapo guwa. Kuyambira pamenepo Akhristu akhala akusonkhana pamalopo chaka ndi chaka, kumapeto a sabata yoyandikana ndi 18 Juni. Mu 1955 madayosizi a kuno kwathu, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe anaikidwa m'chigawo chimodzi cha Mpingo cha Central Africa, motero tsiku la Mizeki linakhala lathu tonse. Pafupi ndi malowa pali sukulu ya Bernard Mizeki College, ndipo ku South Africa kuli bungwe la abambo lotchedwa ndi dzina lake. Pa chikondwererochi pamafika anthu zikwizikwi. Amagona m'matenti, amaphika panja, amakwera phiri kukapemphera ndi kukatunga madzi pa kasupe uja, ndipo pa Misa yaikulu yunifolomu yathu ya buluu ndi yoyera imadzaza bwalo.

Pamene pasonkhana anthu ochuluka chotere, malonda salephera. Eni mabasi amapeza phindu, osintha ndalama m'malire amapeza phindu, ogulitsa nsalu zojambulidwa nkhope ya Mizeki, makandulo, mabuku, nkhuni ndi zakudya nawonso amapeza phindu. Basi yochoka ku Lilongwe imadutsa pa Nathenje pomwepa, kulowa Mozambique pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, ndipo paliponse pamene yaima ndalama imatuluka m'chikwama. Zimenezi pazokha si tchimo. Woyendetsa basi ali ndi ana ofuna fizi, ndipo mayi wogulitsa tiyi m'bandakucha akutumikira anthu ozizidwa. Maulendo opita ku malo oyera asanduka bizinesi yaikulu pa dziko lonse, kaya ndi ku Israel, ku Rome kapena ku Namugongo ku Uganda kumene amakumbukira ofera chikhulupiriro pa 3 Juni. Choopsa chimabwera pamene malo oyera ayamba kuonedwa ngati chuma cholimbirana. Taonani zimene zinachitika ku Harare: Bishopu Nolbert Kunonga atapatuka mu Mpingo mu 2007, anagwira matchalitchi ndi katundu wa dayosizi, ndipo kwa zaka zingapo apolisi ankabweza Akhristu kuti asafike pa malo a Mizeki. Ankakasonkhana pa bwalo la chionetsero m'tauni ya Marondera. Khoti lalikulu linagamula mokomera Mpingo mu Novembala 2012, ndipo mu 2013 anthu anabwereranso. M'zaka zimene chipata chinali chotseka, mapemphero a Akhristu aja sanachepe mphamvu chifukwa chochitikira pa bwalo la chionetsero.

Choopsa china chili m'nyumba zathu. Ndaonapo mayi akutenga ngongole ku banki mkhonde kuti asatsalire anzake, pobwerako n'kugulitsa chimanga cha ana kuti abweze. Ndaonaponso gulu likupereka ndalama m'manja mwa munthu mmodzi wolankhula bwino, popanda lisiti, tsiku la ulendo basi osaoneka. Ndipo ndamvapo, ndi chisoni, amayi obwera ku ulendo akuyankhula ngati kuti amene sanapite ndi Akhristu a theka. Amayi, munthu amene tikukamuyendera uja ankadya za m'dimba lake ndipo ankagona m'nyumba yaudzu.

Sindikuletsa ulendo ayi. Amene Mulungu wakupatsani, pitani, ndipo mudzalimbikitsidwa poona kukula kwa Mpingo wathu. Koma ndalama zidutse kwa msungichuma wa gulu, Bambo a parishi akudziwa, ndipo zonse zilembedwe. Pasipoti ikhale yosatha masiku. Amene mumamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, tengani okwanira ndi masiku ena apadera, muwasunge m'kachikwama ka m'manja, ndipo musasiye kumwa chifukwa mwamwa madzi a pa kasupe. Tengani zofunda zokwanira. Musanakwere basi, muwerengere gulu lonse mbiri ya munthuyu.

Amene simungathe, musadzione otsalira. Ku Nkhotakota, pa tchalitchi cha All Saints, pali manda a Ambuye Bishopu Chauncy Maples amene anamira pa nyanja mu 1895. Ku Likoma kuli Kathedulo ya St Peter. Ku Magomero ndi kumene zonse zinayambira mu 1861. Kungodutsa Chipata kuli Msoro, kumene Bambo Leonard Kamungu, mwana wa m'mphepete mwa nyanja yathu, anakatumikira n'kumwalira mu 1913. Malo ena mwa amenewa gulu lingathe kuwafika ndi ndalama ya thumba limodzi kapena awiri a mtedza pa munthu.

Ndipo ngakhale amene simungafike n'komwe ku Nkhotakota, muli nacho chimene Bernard anali nacho. Chimene timamukumbukira nacho ndi chakuti anapatsidwa malo ndi anthu, ndipo zinthu zitavuta sanawasiye. Aliyense wa ife ali ndi malo ake otere: apongozi odwala amene ena onse atopa nawo, ana amasiye a mchemwali, kalasi ya Sande sukulu, katchalitchi ka kumudzi komwe Bambo amafikako kamodzi pa miyezi iwiri. Mayi von Blomberg anakhala pa sukulu yawo yausiku, ndipo Mutwa anabwerera ku phiri mu mdima.

Ndikupempha magulu onse a m'dera lathu kuti pa msonkhano woyandikana ndi 18 Juni tiwerenge Yohane mutu 10, za mbusa ndi wolembedwa ganyu. Tipempherere makatekisiti athu ndi mabanja awo, ndipo gulu lililonse lisonkhe kangachepe, kaya ufa, kaya sopo, tikapereke kunyumba kwa katekisiti wathu. Tipemphererenso ana athu amene ali ku Joni ndi ku Cape Town, kuti nawonso akumane ndi munthu wowatsegulira khomo. Amene mukupita ku Marondera, muyende bwino, mukatipempherere, ndipo mukabwere msanga chifukwa ntchito ikukudikirani kuno.

Ambuye akudalitseni nonse.