PAUL EHRLICH, MUNTHU AMENE ANAYESA MPHAMVU YA MWAZI

Aliyense wa kumudzi adziwa nsatsi, ndipo adziwanso kuti njere zace sizitafunidwa, pakuti muli ciphe coopsa. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti dokotala wina wa ku Germany anaphunzira pa ciphe cimeneci nzeru imene yapulumutsa ana ambirimbiri. Dzina lace ndiye Paul Ehrlich.

Anabadwa pa 14 March 1854 m'mudzi wa Strehlen, umene lero uli m'dziko la Poland, ndipo makolo ace anali Ayuda. Pophunzira udokotala anakonda koposa kuyesa utoto wonika nsaru pa tizidutswa ta thupi. Anaona kuti utoto wina umamatira pa mbali ina, nulekerera ina. Ndipo kuyambira pamenepo anakhulupirira kuti m'thupi kanthu kali konse kali ndi kanzace kamene kagwirana nako. Anatsiriza maphunziro mu 1878, nagwira nchito m'cipatala ca Charité ku Berlin. Mu 1882, Robert Koch atapeza kacirombo ka cifuwa cacikuru, Ehrlich anakonza njira yokapaka utoto kuti kaoneke msanga. Pambuyo pace nthendayo inamgwira iye mwini, napita ku Egypt mu 1888 kukacira.

Atabwerako anayamba kuyesa ciphe ca nsatsi. Anadyetsa mbewa pang'ono pang'ono, naonjeza muyeso, kufikira zinapirira ciphe cocuruka cimene cikadazipha poyamba. M'mwazi wa mbewazo munapangika zotetezera zimene zigwira ciphe ndi kucifooketsa. Ndipo mu 1891 iye anazipatsa dzina limene lero madokotala alichula kuti antibody. Anapezanso kuti zotetezera za ciphe ca nsatsi sizithandiza pa ciphe ca mtundu wina: ciphe ciri conse ciri ndi mdani wacewace. Mu 1892 anatenga tiana ta mbewa wamba, natiyamwitsa kwa mbewa yotetezedwa. Ndipo tianato tinatetezedwa nato kwa kanthawi. Motero anasonyeza kuti citetezo ciyenda ndi mkaka wa m'mawere.

Masiku amenewo nthenda ya diphtheria, imene imatseka kukhosi kwa mwana kufikira alephera kupuma, inali kupha ana ambiri ku Ulaya. Mu 1890 Emil Behring ndi Kitasato wa ku Japan anaonetsa kuti madzi a m'mwazi wa nyama yotetezedwa angathe kucinjiriza nyama ina. Koma mankhwala otere anali ndi bvuto lalikuru: botolo lina linali lamphamvu, lina lofooka, ndipo dokotala sanadziwe kuti apereke ocuruka bwanji. Apa ndipo Ehrlich anathandiza. Anaonetsa maonjezedwe a ciphe mwa nyama zazikuru kuti mwazi wao ukhale wamphamvu, napeza njira yowerengera mphamvuyo, monga wogulitsa cimanga ayesa ndi sikelo imene onse aibvomereza. Mu 1894 mankhwala a diphtheria anayamba kugulitsidwa, ndipo mu 1897 iye anakhazikitsa muyeso umene maiko ena anautsata.

Caka comweco anafotokoza maganizo ace pa magwero a zotetezerazo. Anati tizigawo tating'ono ta thupi tiri ndi timanja timene tigwira ciphe monga mfungulo ilowa m'loko wace. Ndipo ciphe cikafika, thupi lipanga timanja totere tambiri, niliticotsa kuti tiyende m'mwazi. Ambiri anamtsutsa, ndipo pena analakwadi; koma patapita zaka 60 ophunzira ena anabwerera ku ganizo lace, napeza kuti maselo ena oyera a m'mwazi acita monga momwemo.

Ulemu sunamfike msanga. Iye ndi Behring anasemphana pa ndalama za mankhwala aja, ndipo mphotho yoyamba ya Nobel ya zaudokotala, mu 1901, inapita kwa Behring yekha. Ehrlich analandira yace mu 1908, pamodzi ndi Élie Metchnikoff. Sanapumule. Ku Frankfurt, kumene anatsogolera nyumba ya kafukufuku kuyambira 1899, anayesa mankhwala mazanamazana. Ndipo mu 1909 mthandizi wace Sahachiro Hata anapeza kuti a nambala 606 apha kacirombo ka cindoko. Mankhwalawo anachedwa Salvarsan.

Anamwalira pa 20 August 1915 ku Bad Homburg, naikidwa ku Frankfurt. M'masiku a Hitler dzina lace linafafanizidwa pa mseu wa mumzindawo cifukwa anali Myuda, ndipo mkazi wace Hedwig anathawa m'dzikomo; nkhondo itatha dzinalo linabwezedwa.

Mankhwala a ululu wa njoka, amene ambiri acokera m'mwazi wa akavalo, ayesedwa mphamvu asanatumizidwe ku zipatala zathu. Ndipo anamwino pouza mai kuti ayamwitse mwana wace mkaka woyamba uja, anena za citetezo comwe Ehrlich anacipeza mwa tiana ta mbewa.