Sigmund Freud—Dokotala Amene Anadzipenda Yekha

KODI munthu angadziŵe zonse zimene zili mumtima mwake? Funso limeneli linatenga moyo wonse wa Sigmund Freud. Iye anabadwa mu 1856 m'banja lachiyuda ku Freiberg, ku Moravia, nakulira ku Vienna, kumene anamaliza maphunziro audokotala mu 1881.

Mu 1885, Freud anapita ku Paris kukaphunzira kwa Jean-Martin Charcot, amene anali kusamalira odwala opuwala ziŵalo popanda chovulala chooneka m'thupi. Atabwerera kwawo, anafika pokhulupirira kuti zikumbukiro zopweteka zimene munthu amakwirira zingamdwalitse. Chotero anayamba kugoneka odwala pampando wautali, iye atakhala kumbuyo kwawo, ndi kuwalimbikitsa kunena chilichonse chobwera m'maganizo, ngakhale chochititsa manyazi. Mu 1896 anatcha njira imeneyi psychoanalysis, kutanthauza kupenda maganizo.

Chaka chomwecho atate ŵake anamwalira. Povutika ndi chisoni, Freud anayamba kudzipenda yekha, akumalemba maloto ake ndi kufufuza zochitika za paubwana wake. Chotulukapo chinali buku lake lomasulira maloto, lofalitsidwa chakumapeto kwa 1899. Makope 600 oyambirira anatenga zaka zisanu ndi zitatu kuti athe, komano m'kupita kwa nthaŵi malingaliro akewo anafalikira padziko lonse.

Komabe, kodi kudzidziŵa kunammasula? Freud anali kusuta ndudu zazikulu pafupifupi 20 patsiku. Anayesapo kuleka, koma anabwererako. Mu 1923 anapezeka ndi kansa ya m'kamwa, ndipo mosasamala kanthu za maopaleshoni oposa 30, anapitirizabe kusuta.

Chipani cha Nazi chinatentha mabuku ake ku Berlin mu 1933. Chitalanda Austria mu 1938, Agestapo anagwira mwana wake wamkazi, Anna, ndi kumfunsa mafunso. Banjalo linathaŵira ku London, kumene Freud anamwalira pa September 23, 1939, ali ndi zaka 83. Alongo ake anayi otsala m'mbuyo anafera m'manja mwa Anazi.

Ofufuza ambiri apambuyo pake akana ziphunzitso zake zingapo, makamaka kugogomezera kwake chilakolako cha kugonana, ponena kuti zilibe umboni wasayansi. Chikhalirechobe, chizoloŵezi cha kumvetsera wovutika maganizo moleza mtima chidakalipo. Moyo wa Freud umatisiyira phunziro lofunika kulisinkhasinkha: kuzindikira chofooka chathu ndi chinthu china, ndipo kuchigonjetsa ndi chinanso.