James Whale: mwana wa m'fakitale amene adaumba chilombo cha Frankenstein

Ngakhale anthu amene sadaonerepo filimu yake, nkhope ya chilombochi amaidziwa: mutu wophwatalala pamwamba, zikope zolemera ngati za munthu amene sadagone masiku atatu, chipsera pamphumi ndi tizitsulo tiwiri m'khosi tooneka ngati mabawuti. Ambiri amachitchula kuti Frankenstein, koma dzinali ndi la wasayansi amene adachipanga. Chilombocho chilibe dzina.

Amene adatsogolera ntchito yojambula filimuyi mu 1931 ndi James Whale, Mngelezi amene adakulira mu umphawi nkudzakhala mmodzi mwa akatswiri a ku Hollywood. Mkuluyu ankakhala ndi mwamuna mnzake ngati banja, ndipo sankabisa, pa nthawi imene malamulo a kwawo ku Britain komanso a ku California, kumene ankagwira ntchito, ankatsekera m'ndende amuna okondana okhaokha.

Whale adabadwa pa 22 July 1889 m'tauni ya Dudley, m'chigawo cha England chimene amachitcha Black Country kaamba ka utsi wa malasha. Adali wachisanu ndi chimodzi m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo ake ankagwira ntchito pa ng'anjo yosungunulira zitsulo, ndipo mayi ake adali namwino.

Sukulu adasiyira panjira chifukwa banjalo limafuna dzanja lina lobweretsa ndalama. Poti adalibe thupi la ntchito za m'ng'anjo ngati abale ake, adayamba kusoka nsapato. Pambali ankalembera anthu zikwangwani za m'masitolo, ndipo kangachepe komwe ankapeza ankalipirira maphunziro ausiku a zojambulajambula.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndiyo idamutsegulira khomo, ngakhale m'njira yodabwitsa. Adalowa usilikali mu 1915, ndipo mu August 1917 asilikali a Germany adamugwira ku Flanders nkukamutsekera ku msasa wa Holzminden. Kumeneko akaidi ankachita zisudzo pofuna kuiwala mavuto. Whale ankalemba, kusewera ndi kukonza bwalo. Pamene nkhondo inkatha mu 1918 nkuti atadziwa ntchito imene adzagwire moyo wake wonse.

Mwayi waukulu udamupeza mu 1928 pamene adatsogolera sewero la nkhondo lotchedwa Journey's End la R.C. Sherriff. Poyamba adasewera mbali yaikulu ndi Laurence Olivier, amene pa nthawiyo adali mnyamata wosadziwika, kenako Colin Clive. Sewerolo lidagwedeza London, nkuwolokera ku New York mu 1929. Nthawiyo nkuti mafilimu atangoyamba kukhala ndi mawu, ndipo eni makampani a ku Hollywood ankasaka anthu a zisudzo odziwa kuyankhulitsa osewera. Whale adamukoka motero.

Chaka chomwecho adakumana ndi David Lewis, amene pambuyo pake adadzakhala mmodzi mwa akuluakulu okonza mafilimu. Awiriwa adayamba kukhala nyumba imodzi mu 1930 ndipo adakhala limodzi mpaka 1952. Anthu a ku Hollywood ankadziwa. Whale sankalengeza, komanso sadafune kukwatira mkazi wongophimba anthu m'maso monga momwe ena ankachitira.

Izi sizidali zachibwana. William Haines, mmodzi mwa osewera otchuka a kampani ya MGM, ntchito yake ya mafilimu idathera m'zaka zomwezo atakana kusiya mnzake Jimmie Shields. Whale chidamuteteza nchakuti ankaima kumbuyo kwa kamera, ndipo mafilimu ake ankabweretsa ndalama.

Mu 1931 kampani ya Universal idamupatsa nkhani ya Frankenstein, yochokera m'buku limene Mary Shelley adatulutsa mu 1818, lomwe ambiri amalitenga ngati chiyambi cha nkhani zopeka za sayansi. Wasayansi wina akusonkhanitsa ziwalo za mitembo, nkuzisoka pamodzi, nkuzipatsa moyo ndi mphamvu ya mphenzi. Pa mbali ya chilombo Whale adasankha Boris Karloff, bambo wa zaka 43 amene adali atasewera timbali ting'onoting'ono m'mafilimu ambirimbiri popanda womutchula. Kumayambiriro kwa filimuyo, pamalo pa dzina lake adangoikapo chizindikiro cha funso. Nkhope ija adaikonza ndi Jack Pierce.

Apa mpamene luso la Whale lidaonekera. Wina akadangopanga chinthu choopseza ana basi, koma chilombo cha Whale chimamvetsa chisoni. Chikaona kuwala kwa dzuwa koyamba chimatambasula manja ngati khanda. Amene adachipanga akuchikana, wantchito wake akuchizunza ndi muuni wa moto. Munthu yekhayo amene sakuchiopa ndi kamtsikana kotchedwa Maria, kamene kakusewera nacho poponya maluwa m'nyanja. Maluwa atatha, chilombocho chikuponya mwanayo poganiza kuti nayenso ayandama. Kumapeto mudzi wonse ukuchithamangitsa ndi miuni ndi agalu mpaka kuchitenthera m'chigayo choyendera mphepo. Woonera amatuluka asakudziwa bwino kuti woopsa ndani pakati pa chilombocho ndi khamu lija.

Filimuyo idapanga ndalama zochuluka pa nthawi imene chuma cha America chidali chitagwa. Mu 1933 Whale adabweranso ndi The Invisible Man, kuchokera m'buku la H.G. Wells, ya wasayansi amene mankhwala ake amupangitsa kusaoneka. Kalelo kudalibe makompyuta. Wosewerayo, Claude Rains, ankamuveka nsalu yakuda bii thupi lonse nkumujambula kutsogolo kwa nsalu inanso yakuda, kenako nkuphatikiza chithunzicho ndi cha chipinda. Zotsatira zake, anthu ankaona malaya akuyenda okha.

Kuyambira mu July 1934 zinthu zidalimba. Makampani a mafilimu adayamba kutsata mwamphamvu malamulo otchedwa Hays Code, ndipo ofesi ya Joseph Breen inkaunika filimu iliyonse isadatuluke. Mwa zina, malamulowo ankaletsa kuonetsa, ngakhale kungokhudza chabe, chikondi cha amuna kapena akazi okhaokha. Choncho Whale akadatha kuonetsa mitembo ikudzuka ndi munthu wosaoneka akugwetsa sitima, koma munthu wa moyo ngati wake sakadamuika pa kanema.

M'nyengo imeneyi ndimo adajambula Bride of Frankenstein ya mu 1935, imene akatswiri ambiri amati ndiyo yopambana pa ntchito zake zonse, ndipo ndiyo imene anthu akhala akukangana nayo kwambiri.

M'filimuyi mukubwera munthu watsopano, Dokotala Pretorius, amene adamusewera ndi Ernest Thesiger, mnzake wa Whale wa ku zisudzo za ku London. Pretorius ndi nkhalamba yonyada, yoyankhula mokometsera, yosunga tianthu tamoyo m'mabotolo. Akugogoda usiku, nkuchotsa Frankenstein pafupi ndi mkazi wake Elizabeth kuti amuna awiriwa akalenge munthu paokha popanda mayi.

Kwinaku chilombo chija, chimene sichidafe pa moto uja, chikuthawira m'nkhalango nkupeza kanyumba ka nkhalamba yosaona yoimba vayolini. Nkhalambayo, poti siikuona nkhope, ikuchilandira ngati mlendo, kuchipatsa buledi ndi vinyo, kuchigoneka ndi kuchiphunzitsa kuyankhula. Awiri osungulumwa apezana ndipo akukhala mwamtendere, mpaka alenje awiri atulukira, nkuona nkhope ija, zonse nkupasuka. Pomaliza, mkazi amene adachipangira, yemwe adamusewera Elsa Lanchester kwa mphindi zochepa chabe, akungochiona nkukuwa.

Mu 1981 Vito Russo adatulutsa buku lotchedwa The Celluloid Closet, lofufuza m'mene Hollywood idabisira anthu okondana okhaokha m'mafilimu. Kuchokera nthawi imeneyo olemba ambiri akhala akuona moyo wa Whale m'zithunzi zimenezi: cholengedwa chimene sichidasankhe m'mene chilili, chofuna bwenzi, koma chosakidwa ndi mudzi wonse. Ena akukana. James Curtis, amene adalemba mbiri ya moyo wa Whale atacheza nthawi yaitali ndi Lewis, adatsutsa zoti mkuluyu ankabisa uthenga wotere, ndipo Lewis mwiniwake ankaona Whale ngati mmisiri basi.

Mbali zonse zili ndi mfundo. Whale adali ndi zifukwa zina zomvetsera munthu wosalidwa: adakulira mu umphawi, adakhalapo mkaidi, ndipo ku Hollywood ankadzionetsa ngati bwana wachingelezi pobisa kumene adachokera. Umphawi wa ku Dudley ndiwo ankaubisa kwambiri kuposa David Lewis. Koma nkovuta kuonera chithunzi cha nkhalamba yosaona ija, ukudziwa amene adachijambula ndi malamulo amene ankamumanga, osaganizapo kanthu.

Kugwa kwake kudabwera mofulumira. Atajambula Show Boat mu 1936, momwe mudaimba Paul Robeson, banja la Laemmle limene linkamukonda lidalandidwa kampani ya Universal. Filimu yake yotsatira, The Road Back ya mu 1937, inkanena za asilikali a Germany obwerera kwawo nkhondo itatha. Kazembe wa boma la Nazi ku Los Angeles, Georg Gyssling, adaopseza kampaniyo, ndipo eni atsopanowo adaiduladula. Filimuyo idagwa, Whale adayamba kupatsidwa ntchito zotsika, ndipo pofika 1941 adali atasiya. Ndalama adali nazo, choncho adabwerera ku zojambula za pa ubwana wake.

Ubwenzi wake ndi Lewis udatha mu 1952 Whale atamuuza kuti akufuna kubweretsa m'nyumba mnyamata wa ku France, Pierre Foegel, ngakhale awiriwo adapitiriza kuyenderana. Mu 1956 adadwala sitiroko kawiri, thupi ndi maganizo nkuyamba kufooka. Pa 29 May 1957 adamupeza atafa m'dziwe losambiramo pakhomo pake ku Pacific Palisades, ali ndi zaka 67. Poyamba zidamveka ngati ngozi. Kalata imene adasiya, yosonyeza kuti adadzipha chifukwa cha ululu ndi mantha a matenda, Lewis adaisunga kwa zaka zambiri asadaiulule.

England idachotsa lamulo lomanga amuna achikulire okondana mu 1967, patatha zaka khumi Whale atamwalira, ndipo Hays Code idatha mu 1968. Komabe mafilimu a nkhani zopeka za sayansi, amene amadzitama kuti amaona kutsogolo, adachedwa. Star Trek idayamba mu 1966, koma banja loyamba la amuna awiri pakati pa anthu ake akuluakulu a pa wailesi ya kanema, Stamets ndi Culber, lidaoneka mu 2017. Ku Britain, Doctor Who idabweretsa Captain Jack Harkness, wokonda amuna ndi akazi omwe, mu 2005.

Dzina la Whale lidadzukanso mu 1998 ndi filimu ya Gods and Monsters, yonena za masiku ake omaliza. Adamusewera ndi Ian McKellen, amene naye sabisa kuti amakonda amuna, ndipo wolemba filimuyo, Bill Condon, adalandira mphotho ya Oscar. Mu 2001 tauni ya Dudley idamumangira chipilala.

Phulusa la thupi lake lili ku manda a Forest Lawn ku Glendale. Pa chikwangwani chake adalemba kuti adabadwa mu 1893, chifukwa mkuluyu adali ndi chizolowezi chodzichotsera zaka. Lewis atamwalira mu 1987, phulusa lake adaliika m'chipinda chomwecho, moyang'anizana ndi la Whale.