Eugene Shoemaker, Mlonda wa Miyala ya Kumwamba

Anthu a ku Vubwi akamaceza pabwalo usiku wa m'cilimwe, nthawi zina amaona ngati nyenyezi yathothoka. Imeneyo si nyenyezi ai, koma kamwala kocokera kuthambo kamene kakupsa mumpweya. Miyala ina imafika pansi ndithu: pa 22 January 1981, mwala wa makilogalamu 93 unagwa ku Machinga m'dziko la Malawi. Munthu amene anagalamutsa dziko lapansi kuti ikuluikulu yake ingadzetse tsoka anali Eugene Shoemaker.

Bambo ameneyu anabadwira ku Los Angeles, m'dziko la America, m'caka ca 1928, ndipo anaphunzira za miyala. M'dziko lakwaolo, ku Arizona, kuli cidzenje cotambalala kuposa kilomita imodzi, cimene akatswiri ambiri ankati cinakumbidwa ndi moto wa pansi pa nthaka. Shoemaker anaona kuti cikufanana ndi maenje osiyidwa ndi mabomba a atomiki. M'caka ca 1960, iye ndi mnzake Edward Chao anapezamo mwala wa mtundu wa coesite, umene umapangika pokhapokha miyala ikapsinjika koopsa. Umboni unapezeka: cidzenjeco cinakumbidwa ndi mwala wocokera kumwamba.

Iye ankalakalaka kupita ku mwezi, koma matenda anamuletsa. M'malo modandaula, anaphunzitsa za miyala amuna amene anapitako.

Funso limene linkamusowetsa tulo linali lakuti: kodi miyala ina yotere ili kuti? M'caka ca 1973, pamodzi ndi Eleanor Helin, anayamba kusaka miyala yodutsa pafupi ndi dziko lathu, pogwiritsa nchito makina oonera kutali a ku Palomar. Pambuyo pake mkazi wake Carolyn analowa nawo nchitoyo. M'caka ca 1993, banjali ndi David Levy anatulukira nyenyezi ya mcira imene zidutswa zake zinawomba dziko la Jupiter mu July 1994, n'kusiya zipsera zina zazikulu ngati dziko lathu. Okayika ambiri anakhulupirira.

Shoemaker anafa pa ngozi ya galimoto pa 18 July 1997 ku Australia, kumene ankafufuza maenje akale. Phulusa lina la mtembo wake analinyamula pa combo ca Lunar Prospector, cimene cinagwera pa mwezi m'caka ca 1999. Motero anafika kumene anakanika kufika ali moyo.

Nchito yake sinafe naye. Mu September 2022, combo ca DART cinawomba dala mwala wa Dimorphos, n'kusintha njira yake. Pa 13 April 2029 mwala waukulu wa Apophis udzadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 kucokera kwa ife, koma akatswiri awerengera kale kuti sudzatigunda. Mlimi wocenjera sadikira kuti anyani alowe m'munda: amamangiratu nsanja. Shoemaker anaphunzitsa dziko lonse kulondera kumwamba.