Filippo Brunelleschi, Mmisiri wa ku Florence

Munthu akaima pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town nayang'ana mseu, amaona ngati mseuwo ukunka nuchepa, ndipo galimoto zakutali zimaoneka ngati tizidole. Maso amaona choncho, koma kwa zaka mazanamazana anthu ojambula sankadziwa lamulo loikira zimenezi pa chithunzi. Amene adalitulukira ndi Filippo Brunelleschi.

Brunelleschi adabadwa m'chaka cha 1377 mumzinda wa Florence, m'dziko la Italy. Atate ake ankalemba zikalata za malamulo, koma mnyamatayo adakonda ntchito zamanja, motero adaphunzira kusula golide. Mu 1401 adapikisana ndi amisiri anzake polimbirana ntchito yokonza zitseko zamkuwa za nyumba yobatiziramo. Ntchitoyo idapita kwa Lorenzo Ghiberti. Zitatero, Brunelleschi adapita ku Rome, kumene ankayeza zipupa ndi nsanamira za mabwinja akale.

Atabwerera kwawo adachita chinthu chododometsa. Adaima pakhomo la tchalitchi chachikulu cha mzindawo najambula pa thabwa nyumba yobatiziramo ija. Mizere yonse yoloza kutali adaikumaniza pa kadontho kamodzi koyang'anana ndi diso, ndipo pa kadonthopo adaboola kauna. Munthu ankasuzumira pa kaunako ali kuseri kwa thabwa, kalilole ali m'manja. M'kalilolemo ankaona chithunzi. Akachotsa kalilole ankaona nyumba yeniyeni, ndipo ziwirizo zinkalingana ndithu. Pamalo pa thambo sadapakepo utoto ayi, koma adamatapo siliva wonyezimira kuti mitambo yeniyeni izioneka ikuyenda. Chachisoni nchakuti thabwalo lidasowa kalekale.

Tchalitchi chachikulu chija chinali chosatha. Pakati pake panali mpata wa mamita oposa 40, ndipo panalibe wodziwa kuufolera kwake. Mu 1418 akuluakulu a mzinda adaitanitsa nzeru kwa amisiri. Iwo sakadataya chuma chambiri, kapena kukweza anthu pamwamba potero, chifukwa cha mawu okha. Brunelleschi adawamangira kachitsanzo ka njerwa kuti adzionere ndi maso. Ntchito idayamba mu 1420 nitha mu 1436. Denga lobulungira lija lidadya njerwa zoposa 4 miliyoni, ndipo lidakwera popanda mitengo yolichirikiza kuchokera pansi. Miyala ndi njerwa zinkakwezedwa ndi makina ake oyendetsedwa ndi ng'ombe. Iye adamwalira mu 1446 naikidwa m'tchalitchi momwemo.

Masiku ano, pamalo pomangidwa nyumba zazikulu ku City Centre, pamaima chikwangwani choonetsa nyumba imene ngakhale maziko ake sanathe, koma ikuoneka ngati yojambulidwa ndi kamera. Akatswiri a zomangamanga amalowetsa miyeso ya nyumbayo mu kompyuta. Kompyutayo imawerengera pogwera kuwala kwa dzuwa ndi mthunzi, imaika magalasi, mitengo ndi anthu, mwinanso kupanga kanema woonetsa munthu akuyenda m'zipinda. Mwini ndalama akaona khomo litalakwika, amalikonzetsa asanagule thumba la simenti ndi limodzi lomwe. Pa chikwangwanicho, mizere ya denga ndi ya mazenera yoloza kutali, itatalikitsidwa ndi rula, ingakumane pa kadontho kamodzi, monga pa thabwa la Brunelleschi.